Chakudya cha Pawindo

Mayi wina wamasiye anawaona koyamba a Pawindo tsiku limene anapita m'tauni kukagula mabatani. Pakati pa positi ofesi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale panali sitolo ya mipando, ndipo kuseri kwa galasi lake kunali bambo waimvi, jekete ili m'thupi, akudya ndi foloko m'mbale yopanda kanthu. Ankatafuna mofatsa, n'kupukuta pakamwa.

Anthu ankangowatchula kuti a Pawindo. Kale ankanyamula katundu m'sitolomo, mpaka msana unakana. Abwana awo, pochita manyazi kuwachotsa ntchito, anawakhazika pamenepo kuti odutsa aziona mmene tebulo limakomera likakhala ndi munthu. Kuchipinda kumene ankachita lendi, a Pawindo analibe tebulo. Ankadyera pamwendo.

Koma tebulolo silinkagulidwa. Amene ankaima ndi alendo akunja okha, akachoka koona mafupa ndi mikondo yakale. Mtsikana wowaperekeza ankaloza ndi ambulera n'kunena kuti, "Umu ndi mmene anthu akuno amadyera." Alendowo ankajambula, akupukusa mitu mwachisoni.

Mayiyo anayamba kudutsa pamenepo pafupipafupi, moti mabatani anadzaza chitini. Chimwalirireni mwamuna wake, iye ankadya chiimire kukhitchini, ndipo zinkamudabwitsa kuona munthu akulemekeza mbale chotero.

Tsiku lina a Pawindo anatuluka, foloko ili m'manja.

"Mayi, mundikhululukire. Abwana akuti munthu wodya yekha amathamangitsa makasitomala. Ndikapanda kupeza banja sabata ino, ntchito yatha. Simungakhaleko pampando winawo?"

Mayiyo, amene ngakhale kufunsa mtengo wa sopo kunkamuuma pakamwa, anayang'ana pansi. "Ine kudya pagulu sinditha, bambo."

"Chakudyacho palibe, mayi. Pamenepo ndiye pali ubwino wake."

Analowa. Poyamba mayiyo ankathamangitsa supuni, mpaka a Pawindo ananong'ona kuti, "Pang'onopang'ono, n'chotentha." Iye anauzira supuniyo. Tsiku lotsatira anabweranso, atasita bulauzi. Posakhalitsa anadzimva akunena kuti, "Mcherewo wachuluka, mudwala nawo," mawu amene anali asanawatchule chichokereni kumanda. A Pawindo anabweza botolo lopanda mcherelo mwaulemu.

Kunja anthu anayamba kuunjikana. Mtsikana wa ambulera uja anasintha nkhani: "Awa anakwatirana kalekale, ndipo sanayambanepo." Masana ena mlamu wake wa mayiyo, mlongo wa malemu, anagogoda pagalasi ndi kiyi.

"Alamu, mwakwatiwa osatiuza? Ndiye mwamunayo akukudyetsani mpweya?"

Mayiyo anafuna kulowa pansi pa tebulo, koma a Pawindo anakweza mbale n'kuwaitanira mlamuyo. Iye anachoka akung'ung'udza kuti wadya kale.

Sabata isanathe, mnyamata ndi mtsikana ongokwatirana kumene anaima nthawi yaitali atagwirana manja, kenako analowa n'kugula tebulolo. Onyamula katundu anabwera chakudya chili mkati. Ananyamula tebulo, nsalu ndi mbale zomwe, n'kuwasiya a Pawindo ndi mayiyo atayang'anizana, mafoloko ali m'mwamba, mawondo ali poyera.

Abwana anasangalala kwambiri. Anati a Pawindo ntchito yawo ilipo mpaka kalekale, ndipo anawakokera pambali n'kuwauza za mawa.

Madzulo a Pawindo anamuperekeza mayiyo kokwerera basi, akuyenda chowerama chifukwa cha msana uja. Anadutsa mofatsa, ngati anthu okhuta, pomwe ogulitsa ziboliboli ankalongedza katundu wawo. Basi itafika, mayiyo analimba mtima.

"Mawa ndifike nthawi yanji, bambo?"

A Pawindo anavula chipewa, nachitembenuzatembenuza, maso ali pansapato.

"Mawa musavutike, mayi. Abwana akuti pawindopo aikapo bedi."