Nthungululu ya Ba Jenala

Ba Jenala anabwera ku Kasisi kuchoka ku Katete na poto imodzi na pakamwa pawo. Poto inabooka kale. Pakamwa ndiye panawapatsa dzina. Ukwati, ubatizo, olo munthu wagula chabe njinga, anali kuitana iwo. Akaimba nthungululu nkhunda zinali kuuluka pa tchalitchi, ndipo wolima kutali anali kuimika khasu, kukumbuka ukwati wake.

Ana a eni onse anawaimbira. Kunatsala wawo, Tryness, chitsiriza, ukwati wake Loweruka.

Manje sabata yomweyo, m'mawa, asenda nshawa pakhonde, anayasamula. Kuyasamula chabe, monga pusi. Pakamwa panakana kutseka. Malovu chuchuchu, mawu palibe. Azimayi a pafupi, aja odziwa zonse, anati ni sitoroko. Wina anati ni nsanje ya apongozi, nayamba kuwathira madzi odalitsa mkamwa monga athirira repu.

Mu minibasi Ba Jenala anangoyang'ana mitambo, fumbi ilowa mkamwa. M'maganizo anaona Tryness mu diresi yoyera ayenda pamwamba pa ngayaye za chimanga, anthu onse ayasama, koma kuli zii.

Ku chipatala dokota, Ba Chomba, anawagwira patsogolo pa makutu.

"Amama, kwezani manja onse. Tsinzinani. Iyi si sitoroko, nsagwada yachoka pamalo pake." Anakulunga zala zake zikuluzikulu na bandeji. "Osaniluma, nikalibe kukwatira."

Anakanikiza mano akumbuyo pansi, pang'onopang'ono, nakankhira kumbuyo. Khu. Pakamwa panatseka.

"Nanga nthungululu, mwana wanga?" Ndiye mawu oyamba amenewo, zikomo anabwera pambuyo.

"Masiku ano osayasama. Phala chabe. Ikachokanso izazolowera, muzakhala mlendo wanga."

Loweruka aja odziwa zonse anadzipereka kuimba m'malo mwawo. Mawu monga nkhanga zaona galu. Ba Jenala anaima pakhomo pa tchalitchi, duku aimangira pansi pa chibwano, chibakera achirikiza pomwepo. Anaseweretsa lilime chabe, mano ali pafupi kugundana.

Nthungululu inatuluka yaing'ono, yoonda monga ulusi. Nkhunda sizinauluke, olo imodzi. Koma Tryness, pakati pa kwaya na ng'oma na nkhanga zija, anaima, natembenuka kufuna amake.