Masamba Anayi a Azakhali

Azakhali anga ndi telala, ndipo masitayilo a madiresi amawaonera pa laputopu yakale pambali pa makina osokera. Kale masamba a pa intaneti ankangodzitsegulira mavidiyo amalonda, laputopu n'kutentha mpaka kuzima. Mkamwini wawo anawaikira kapulogalamu koletsa tsamba lililonse kuyendetsa zinthu zake pokhapokha iwo ataloleza. Analoleza masamba anayi basi.

Tsiku lina mkwatibwi wina anawatsegulitsa tsamba lachilendo, koma chithunzi cha diresi sichinaoneke.

"Mayi, ingolilolezani, chioneka," anatero.

"Limenelo sindilidziwa, mwananga. Jambula apa."

Anamupatsa pensulo ndi kalendala yakale. Mtsikanayo anajambula mokhotakhota, azakhali akumufunsa za khosi ndi manja. Diresi linamukwana, kungoti manja anatalika pang'ono kuposa momwe ankafunira.