Wotchi ya a Everson

Mzungu amene a Everson ankamuphikira ku Zomba atamanga katundu wake m'chaka cha 1964, anawasiyira zinthu ziwiri: makina osokera a mkazi wake ndi wotchi ya belu, yofiira, ya timiyendo tiwiri. Makinawo anali aphindu. Wotchiyo ndi imene inawazunguza mutu. Anafika nayo kuchikamwini, kumudzi kwa mkazi wawo Janeth kumunsi kwa Songani, ataikulunga m'thaulo ngati khanda, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzuwa linachotsedwa ntchito pakhomopo.

A Everson anali munthu wamfupi, wokonda jekete ngakhale kutenthe bwanji. Zaka khumi ndi ziwiri m'khitchini ya mzungu zinawaphunzitsa kuwiritsa dzira kwa mphindi zitatu, ndiye iwo anangoti basi, chinsinsi cha Mulungu achipeza. Ankati Mulungu ndi wadongosolo, ndipo Mkhristu weniweni sadya chifukwa wamva njala kapena kugona chifukwa wamva tulo, poti zimenezo ndi za mbuzi. Mkhristu amadya nthawi ikakwana. Popeza ankatha kuwerenga komanso anali ndi jekete ija, kunyumba ya mapemphero ya m'mudzimo anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, n'kuwapatsanso udindo woimba belu. Belulo linali chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa mumtengo wa mango, koma iwo ankalimenya ngati munthu woitana angelo.

Anthu a m'chigwa cha Domasi anali nayo kale nthawi yawo. Ankadzuka tambala akalira, n'kupita kumunda kukali kachisisira, n'kuweruka dzuwa likayamba kuluma pamsana. Masana ankatsamira pamthunzi mpaka thupi libwerere mwakale, kenako n'kutsikira kudimba la mpunga chakumadzulo. Nawonso ankapemphera, ena kuposa a Everson. Koma kwa a Everson, kupuma masana kunali ulesi wachikunja. Iwo ankadzuka belu la wotchi likalira, kumwa tiyi, kupemphera mphindi khumi ndi zisanu zosasefukira, n'kunyamula khasu nthawi imene anzawo ankaganiza zoweruka. Anachita zimenezi masiku anayi m'mwezi wa Okutobala. Tsiku lachisanu anawapeza atagwa chafufumimba pakati pa mizere, jekete ili m'thupi, ndipo anachita kuwathira madzi. Atatsitsimuka sanathokoze aliyense, anangofunsa kuti nthawi ili bwanji. Kuyambira pamenepo munda unakhala wa Janeth, iwo n'kukhazikika pakhonde ndi makina awo, kusoka zigamba ndi kuyang'anira nthawi ya anthu ena.

Janeth poyamba ankanyadira. Anali mtsikana wa m'banja limene makolo ake anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo sukulu anangoinunkhiza. Mwamuna wake ankadziwa zinthu. Anamuphunzitsa kuona mivi ya wotchi, pamene imakhala ikati sikisi, pamene imakhala ikati teni, ndipo Janeth ankamva ngati nayenso wakwera kumwamba pang'ono. Za kudya nthandala ya wani koloko pamene njala inayamba kale, kapena kudikira belu kuti atsuke mbale, ankangoseka nazo. Palibe amene amafa ndi zimenezo.

Ndiye m'chaka cha 1966 kunabadwa mwana wamkazi, anamutcha Lyness. Chikuta chisanathe n'komwe, a Everson analengeza lamulo. Mwana aziyamwa kasanu pa tsiku: sikisi m'mawa, teni, thu koloko, sikisi madzulo ndi teni usiku. Pakati pa nthawi zimenezi asakhudze bere. Kumbuyo asaberekedwe kawirikawiri, poti mwana wakumbuyo amangoyamwa ngati mwanawankhosa. Azigona m'bokosi.

"Mwana wa dona, mkazi wa mzungu uja, ankayamwa choncho," anatero, "ndipo anali wonenepa ngati dzungu. Kulira ndi uchimo umene mwana amabadwa nawo. Mukaugonjera lero, mawa mwalera mbava."

Mayi ake a Janeth anabwera kudzanena kuti chibadwire chawo sanaonepo mwana woyamwa mwa belu. A Everson anawamvetsera mwaulemu wa mkamwini, n'kudikira kuti atuluke, kenako n'kunena kuti tsobola wakale sawawa. Ndipo anamuuza Janeth mawu amene anamumanga kuposa chingwe, akuti ngakhale iwo asaone, Mulungu akuona.

Janeth anamvera. Izi ndi zimene zinkamudya mtima zaka zonse zotsatira, kuti palibe amene anamugwira manja. Ankakhala pamphasa, mkaka ukudontha mpaka kunyowetsa bulauzi, mwana akulira m'bokosi, iye maso ali pa mivi. Makina pakhonde ankangolira osaima. Patapita miyezi itatu mkaka unaleka kudontha, ndipo mwana analeka kulira kwambiri. A Everson anati mwaona, waphunzira mwambo. Kutentha kwa Okutobala kutafika, Lyness anatsekula m'mimba masiku awiri okha, ndipo m'thupi mwake munalibe choti matenda alimbane nacho. Anamuika m'manda ali ndi miyezi isanu. Pamaliropo a Everson analankhula bwino kwambiri za chifuniro cha Mulungu, anthu mpaka kugwedeza mitu, ndipo mwambo wonse unatha pa nthawi yake.

Patadutsa chaka ndi miyezi, Janeth ali ndi pakati pena, anakumana ndi mayi wina pamsika wa Songani pamene ankagulitsa mpunga. Mayiyo anali Rabecca, amene ankalera ana m'nyumba ya mzungu yomwe ija. Atamva kuti ameneyu ndi mkazi wa kukhi wakale, anakhala pansi kuti acheze, ndipo Janeth anafunsa zimene zinali kukhosi kwake, ngati zinali zoona kuti mwana wa dona ankayamwa mwa wotchi.

Rabecca anaseka mpaka kugwira nthiti. "Dona ndiye ankatero pakamwa. Analemba ndi pepala, n'kumata pachitseko. Koma dona ankakhalapo? Mwana akangoti ng'ee, ine botolo m'kamwa. Ndikanamusiya azilira, bwenzi nditapenga ndine. Amuna anuwo ankadziwa chiyani, munthu wa kukhitchini? Ankangoona pepala pachitseko ndi mwana wonenepa."

Janeth sanaseke. Anasenza dengu lake n'kuyenda ulendo wonse wobwerera kwawo. Atafika anapeza a Everson akupukuta galasi la wotchi ndi kansalu, lilime lili panja chifukwa cha kusamala, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaona monga analili: kamunthu kamene kanawerenga pepala pachitseko cha eni ake n'kuliyesa Mawu a Mulungu. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo anadyetsa mwana.

Mwana wachiwiri anabadwa mu Ogasiti 1968, wamwamuna, dzina lake Isaki. Lamulo linabwerera momwe linalili, ndi bokosi lomwe lija. Janeth sanatsutse, poti kutsutsana ndi a Everson kunali ngati kuthira madzi pa nsana wa bakha. Anangoti chabwino bambo. Kumtsinje ndi kudimba ankayamwitsa mwana mmene wafunira, ndipo za Mulungu amene akuona anaziganizira n'kupeza kuti Mulunguyo ndi amene anaika mkakawo m'mawere. Vuto linali masana, pamene ankayenera kukhala pakhomo, a Everson ali pakhonde khutu lili m'nyumba.

Wotchi inkakhala patebulo m'kati, poopa fumbi. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo koyendetsera mivi. Tsiku lina Isaki atayamba kulira thu koloko ikali kutali, Janeth anatembenuza wotchi ija, n'kupotoza kachitsuloko mpaka mivi inafika pamene anaphunzitsidwa.

"Bambo, tabwerani muone ngati yakwana."

A Everson analowa, anawerama, anayang'ana. "Yakwana. Muyamwitseni."

Basi, njira inapezeka. Tsiku lililonse Janeth ankaba ola apa, theka la ola apo, ndipo m'mamawa tambala akalira, a Everson akali kuliza mkonono, ankabweza mivi mongoyerekeza. Pofika madzulo wotchi inkakhala itathamanga maola awiri kapena atatu. Banjalo linkadya chakudya chamadzulo dzuwa likali pamwamba pa phiri la Zomba. A Everson ankatseka chitseko, kuchita mapemphero ogonera, nkhuku zikali kupalasa pabwalo, ndipo ankadandaula kuti nkhuku za m'mudzi uno n'zopanda mwambo ngati eni ake. Tsiku lina anayang'ana kumwamba n'kunena kuti dzuwa la chaka chino likuchedwa kulowa. Kukayikira wotchi ya mzungu sikunawafikepo m'mutu. Amayi a m'mudzimo ankadziwa onse, ndipo akamva belu la mapemphero a pakati pa sabata likulira nthawi yosadziwika bwino, ankangoti Isaki wamva njala. Mwanayo ananenepa, masaya kuchita kugwa, ndipo a Everson ankamuonetsa kwa aliyense wobwera kudzasoketsa kuti aone zipatso za dongosolo.

Okutobala anafikanso ndi kutentha kwake. Lamulungu lina abusa ankayembekezeka kubwera pa njinga kudzabatiza ana, Isaki ali m'gulu, ndipo mapemphero anali a teni koloko. M'mawa umenewo mwanayo anadzuka thupi likutentha, ndipo eyiti koloko isanakwane anayamba kulira kulira kwina, kouma, kumene Janeth anakumvapo kale kamodzi. A Everson anali m'nyumba momwemo, akusita jekete. Janeth ankadziwa kuti akagwira wotchi lero, abusa abwera ndi yawo ya pamkono ndipo zonse ziululika. Anayang'ana milomo ya mwanayo, yowuma ngati khungwa. A Everson atangotuluka kukathira makala a simbi, anapotoza mivi mpaka pa teni, n'kukhala pansi, n'kutulutsa bere.

A Everson polowa anayang'ana patebulo, simbi inatsala pang'ono kuwagwa. Anavala jekete ya mbali imodzi yosasita, n'kunyamula wotchi, n'kuthamangira kumtengo wa mango kukaimba belu. Anthu anasonkhana ena asanasambe, ndipo abusa kunalibe. A Everson anaika wotchi patebulo lakutsogolo kuti aliyense aione, n'kuyamba kulalikira za kuchedwa. Anati kuchedwa ndi mlongo wake wa kuba. Anati matendawa alowa ngakhale mwa atsogoleri, osatchula dzina. Anadzudzula kwa maola awiri, thukuta lili kamukamu, mpaka njinga inaima panja.

Abusa analowa akumwetulira, poganiza kuti afika msanga. A Everson anawalozera wotchi, imene inkati thwelofu koloko yadutsa. Abusa anayang'ana pamkono pawo, anayang'ananso pakhomo pamene mthunzi wa mango unali usanafupike, n'kunena mofatsa kuti, "Akulu a mpingo, teni sinakwane. Wotchi yanuyi ili ndi changu pa ntchito ya Ambuye."

Kumbali ya amayi kunamveka kaphokoso ka anthu oluma nsalu. Wina analephera kudzigwira n'kunena kuti wotchiyo imayendera mimba ya Isaki, ndipo tchalitchi chonse chinaphulika. A Everson anayang'ana Janeth. Janeth sanaweramitse mutu. Isaki anabatizidwa ali mtulo, atakhuta.

Kunyumba anayamba asanavule n'komwe jekete. Ananena za bodza, za mkazi wosamvera, za manyazi amene anawachititsa pamaso pa abusa ndi mpingo. Za kutentha thupi kwa mwana sanafunse. Janeth anawasiya mpaka mawu anawathera, mwana ali pamiyendo.

"Mwatha, bambo a Lyness?"

Dzina limenelo linali lisanatchulidwe m'nyumbamo kwa zaka ziwiri. Janeth anapitiriza.

"Mwana womvera munali naye. Sanaphonyepo nthawi yanu ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndinamuthandiza kumvera. Ali uko kumanda, pitani mukamuyamikire. Uyu ndi wosamvera ngati mayi ake, ndipo akhala moyo."

A Everson anatuluka n'kukakhala pa makina, koma makinawo sanalire tsiku limenelo.

M'mawa mwake anakonza wotchi molingana ndi nthawi ya abusa, n'kuiika pakhonde pafupi ndi mwendo wawo, pamene mkazi sakanaifikira. Cha m'ma eyiti Isaki anayamba kulira. Janeth anamunyamula n'kudzakhala pakhomo penipeni, maso ali pa mwamuna wake, dzanja lili kale pa bulauzi. Anali atatsimikiza kuti ayamwitsa, kaya ukwati uthere pomwepo. A Everson anayang'ana wotchi, anayang'ana mwana, anayang'ananso wotchi. Munthu wina akanangoti ndinalakwa. Iwo anatembenuza wotchiyo, anapotoza kachitsulo kaja ndi zala zawo mpaka mivi inafika pa teni, n'kuiimikanso bwinobwino.

"Yakwana," anatero, osamuyang'ana. "Muyamwitseni."

Anapitiriza kutero mpaka Isaki analeka kuyamwa, ndipo kwa zaka zambiri ankauzabe obwera kudzasoketsa kuti mnyamata wawo anakula ndi wotchi. Janeth ankawamva ali kuseri kwa nyumba, osawatsutsa. Chaka chilichonse mu Okutobala ankatenga khasu kukalambula pa kamanda kaja, ndipo ankapita yekha.