Mantha a Lameki ndi sulushoni wa ku wekishopu

Linali Lachitatu m'mwezi wa Juni, belu la masana litangolira. Ndinali m'shedi kusankha fodya pamene mkazi wa folomani anabwera kudzandikodola, n'kunena kuti mwana wanga Lameki wagwa ku wekishopu. Ndinamupeza atatsamira tayala la thirakitala, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kukuzizira. Anatenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa pake. Mtima unkagunda ngati wa munthu amene wathamangitsidwa. "Amayi, ndikufa ine," anatero. Patapita kanthawi zinamusiya, n'kubwerera ku ntchito.

Apa n'kuti bambo ake atamwalira kumene, chaka chotsatira chilala chachikulu chija. Pa pulazi pathu, kufupi ndi katauni ka Raffingora kuno kunja kwa Malawi, nyumba ya m'komboni imatsata munthu wolembedwa ntchito yokhazikika. Ine ndimangogwira ganyu wa nyengo ya fodya. Mzungu mwini pulazi analemba Lameki m'malo mwa bambo ake, kumata machubu a matayala ndi kutsuka zitsulo, nyumba n'kutsala m'dzina lake. Iye akanachotsedwa, ine ndi alongo ake awiri tikanasowa kolowera. Ku Malawi ndinachokako ndili kumsana, sindidziwako munthu.

Matendawo anayamba kubwera pafupipafupi. Manja ankanjenjemera mpaka kutaya tiyi. Ankabanika ngati wina wamukhalira pachifuwa, ndipo munthu akangogogoda pachitseko ankadzidzimuka. Sankagona, ankadandaula mutu, anaonda. Zovala zake zinkanunkha petulo ndi sulushoni, guluu womatira machubu uja, koma ndinkati ndi fungo la ntchito, poti bambo ake ankanunkhanso chimodzimodzi.

Bambo akewo anali a gule. Anamwalira fodya ali mkati mothyoledwa, mzungu n'kutipatsa theka la tsiku lokha, ndiye tinawaika m'manda zilombo zosavina. A Chimkono, mkulu wa gule pa komboni, atamva za Lameki anabwera kunyumba. "Alamu, amuna anu sitinawaperekeze," anatero. "Ndi iwo akugogoda kwa mwana wawo." Ndinawakhulupirira, chifukwa nanenso zinkandiwawa mumtima. Tinadikira mpaka kusankha fodya kuthe kuti atipatse Loweruka, tinafulula mowa, zilombo zinabwera kuchokera ku mapulazi oyandikana nawo. Kudikirako kunadya miyezi itatu.

Tsiku la mwambolo, ng'oma zitangoyamba, Lameki anasowa. Ndinakamupeza kuseri kwa nyumba zowotchera fodya, kapepala kapulasitiki kali pamphuno, maso ali psuu. Anandiuza kuti anayamba kununkhiza sulushoni sabata ya maliro, ataona anzake ku wekishopu, ndipo akanunkhiza mantha amachoka. Ine ndinazitenga ngati fodya wa m'mphuno wa azimayi okalamba. Ndinangomudzudzula kuti akuba zinthu za mzungu.

Mwambo unatha koma mantha sanathe. Atagwanso ku ntchito, folomani wathu a Mushonga anandiitana n'kundiuza kuti zikachitikanso amuchotsa. Lolemba lake tinakwera lole ya pa pulazi kupita ku kiliniki. Anesi anamuyang'ana zilonda za m'mphuno ndi pakamwa, n'kumufunsa m'Chishona kuti amanunkhiza chiyani. Lameki anawerama. Ine ndi amene ndinayankha.

Anatitumiza ku chipatala chachikulu m'tauni. Tinafika m'mawa, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa litapendeka, kusuntha pang'onopang'ono, khadi lili m'manja. Anamupima mtima, anamutenga magazi, tinadikiranso. Adokotala anati, "Mayi, mtima wake ndi wabwinobwino. Sulushoni amagoneka mantha kanthawi kochepa, akatha m'thupi mantha amadzuka aakulu kuposa kale. Akapitiriza, awononga ubongo, mwinanso kufa mwadzidzidzi."

Anamugoneka m'chipatalamo. Masiku oyamba anali oipa kuposa kunyumba. Ankanjenjemera, ankasanza, ankapempha kuti ndimutulutse. Ndinkatha kupitako Lamlungu lokha. Ankamupatsa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndiponso anesi ena ankakhala naye pansi kumuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mantha akamayamba. Sabata yachitatu ndinamupeza akudya, akuseka ndi mnzake wa bedi loyandikana.

Adokotala ananenetsa kuti asabwerere kumene kuli sulushoni ndi petulo. Ndinapita kukagwada kwa a Mushonga. "Amai Lameki, anthu amalimbirana wekishopu, inu mukufuna mwana wanu azikatsata michira ya ng'ombe?" anatero akuseka. Ndinati eya, bola akhale moyo. Anakalankhula ndi mzungu, Lameki anamusamutsira ku ng'ombe, dzina lake silinachotsedwe pa antchito okhazikika. Nyumba tikadalimo.

Sindinganame kuti anachira tsiku limodzi. Ananunkhizanso kamodzi chaka chomwecho, ndipo anabwera yekha kudzandiuza. Tinabwereranso ku mabenchi aja. Tsopano papita zaka zingapo asanagwirenso sulushoni. Thupi linabwerera, anakwatira, amagona tulo. Mantha amamupezabe mwa apo ndi apo, makamaka kukagwa maliro pa komboni, koma amakhala pansi n'kupuma monga anamuphunzitsira mpaka adutse. Kuiwalaiwala kokha n'kumene kunamutsalira.

Mwambo wa bambo ake sindidandaula nawo, unali woyenera kuchitika. Chimene chimandiwawa ndi miyezi imene mwana anavutika ife tikudikira Loweruka. Azimayi anzanga a m'makomboni, mwana akayamba kubanika, kunjenjemera ndi kuopa zinthu zosaoneka, mufunseni bwinobwino zimene amanunkhiza, ndipo pitani naye kuchipatala sabata yomweyo. Za makolo muzichita kuchipatala mutapita kale.

Lameki amakaonanabe ndi adokotala kawiri pachaka. Tsikulo likafika ndimaphika mbatata m'mamawa, n'kukwera naye basi.