Fumbi la Pathanthwe

Sabata ziwiri zapitazo achemwali anga anandipeza nditagwada pathanthwe la kuseri kwa mudzi wathu ku Midzemba, ndikutapa fumbi ndi supuni n'kumathira m'pepala la shuga. Anaima, mtolo wa nkhuni uli pamutu, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati matenda a abambo ayamba kupatsirana.

Mukanakhala inu mukanati chiyani? Mayi wamkulu ndithu, mphunzitsi wa sayansi kusekondale, chitenje chatsopano, koma akupalasa fumbi dzuwa lili pamutu.

Ndiyambe ndakuuzani za abambo, apo ayi nanunso mundiyesa wamisala.

Abambo anga anali okhoma zidebe. Ndowa, makheni othirira kudimba, timapoto, zonsezi zinkatuluka m'manja mwawo, ndipo amayi ambiri a ku Midzemba mpaka ku Ligowe anatungirapo madzi m'ndowa zawo. Lero alipo, amadya, amayenda, koma mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Unayamba ndi zazing'ono, pomwe asiya nyundo, tsiku la msika. Kenako mayina a adzukulu. Chaka chatha unanditaya ine.

Ndikafika kuchokera kuboma, komwe ndimaphunzitsa, amandilandira ndi manja awiri, kundifunsa ngati ndayenda bwino, kunditcha mayi. Ulemu wonse, ngati ndabwera kudzapereka katemera. Ndikuuzeni zoona, ulemu umenewo umandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ine ndine Tiyamike, mwana wawo womaliza, ndipo moyo wanga wonse ankanditcha Tiya. Chomwe ndakhala ndikufuna n'chimodzi basi, kumva dzina limenelo likutuluka pakamwa pawo kamodzi kokha, ndidziwe kuti ndikadalimo.

Amene amakhala nawo ndi achemwali aja, a Esinati. Ndiwo amawasambitsa, kuwadyetsa, n'kukawabweza kumsewu akanyamuka kukafunafuna amayi athu omwe tinaika kalekale. Iwo amanena mosapita m'mbali kuti abambo anapita kale, chatsala ndi thupi. Mawuwo amandinyansa, koma sinditsutsa. Munthu amene amachapa zofunda m'mawa uliwonse ali ndi ufulu wolankhula zomwe ife obwera panjinga yamoto Loweruka sitingalankhule.

Tsono thanthwe lija.

Pamwamba pake pali kadzenje kakakulu ngati lichero, kakuya kufika m'chigongono. Nthawi ya dzuwa mumakhala fumbi lotuwa, lotentha loti ungawaulepo mtedza. Mvula ikagwa mumadzaza madzi, ndipo pakangopita masiku angapo madziwo amayamba kunyanyuka ndi tizamoyo. Ndili wamng'ono abambo ankanditengera kumeneko tikamapita kukakusa mbuzi. Ankagona chafufumimba pamwalapo, bambo wamkulu wandevu, chibwano pamanja, ine pambali pawo. Tinkaona timadontho tofiirira tikuthamangathamanga, tina toonekera mkati tikusambira chagada, timiyendo tikupalasa m'mwamba mosafulumira. Mbuzi zinkalowa m'munda mwa eni ife tili phee.

Tizamoyoti iwo ankatitcha tiana ta mvula. Ankati timagwa kumwamba pamodzi ndi mvulayo, nanga pamwamba pa mwala popanda mtsinje tingachokere kuti? Ine ndinakhulupirira mpaka ndinkatseka pakamwa mvula ikandipeza panjira, kuopa kumeza ana a eni.

Ku koleji ndi komwe ndinamva kuti sitigwa kumwamba. Timakhala momwemo m'fumbi, chilimwe chonse, tina ngati timazira, tina titauma thupi lonse. Nditabwera kutchuthi ndinawafotokozera abambo monyadira, mukudziwa mmene mwana wasukulu amachitira. Anaganiza pang'ono, nyundo ili m'manja, n'kunena kuti ndiye kuti mvula ntchito yake n'kugogoda pakhomo basi. Anaseka, n'kupitiriza kukhoma.

Fumbi limenelo ndilo ndinkatapa tsiku lija.

Nditafika nalo kunyumba ndinalithira m'mbale yoyera, n'kuthiramo madzi a pachitsime, osati a pampopi othira mankhwala aja, n'kuika pawindo. Pang'ono ndinapita nalo kusukulu. Tili ndi maikulosikopu imodzi, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso, yakalekale, yokhala ndi kagalasi kopempha kuwala kudzuwa. Ana ataweruka ndinakhala ndekha m'kalasi, dontho limodzi la matope lili pagalasi.

Poyamba munalibe chilichonse. Mchenga wokhawokha, wooneka ngati miyala ikuluikulu ya mumtsinje wa Lisungwi. Diso linatopa, khosi linawawa. Koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako kadontho kena kamene ndinkakayesa chitsotso kanayamba kutupa. Kanadziwongola pang'onopang'ono, kanagwira pansi ndi kamchira, n'kutulutsa mutu. Pamutupo panali timaubweya tikugwedezeka mwadongosolo, moti ukamayang'ana umaona ngati mateyala awiri a njinga akuzungulira. Kanayamba kukokera chakudya kukamwa, ngati kuti sikanagone miyezi yonseyi. Kanyongolotsi kowonda kuposa tsitsi kanadutsa kakudzikwapulakwapula. Mawa lake ndinapezanso kena konenepa, ka miyendo isanu ndi itatu, kakukwawa pa ndere mwaulesi, kakugwa, kakudzuka, kopanda kokafulumirira.

Ndinaiwala kuti ndili m'kalasi. Ndinkangoona ngati ndatsikira m'dziko lina, lomwe kulibe mawu, kulibe mabelu, kuwala kukuchokera pansi. Mlonda wa pasukulu ndi amene anandidzidzimutsa pogwedeza makiyi pakhomo.

Taganizani, abale. Kanyama kali ndi pakamwa, mimba, ngakhale kaubongo kake. Madzi akamauma kamadzipinda, kamataya pafupifupi madzi onse a m'thupi, kamasiya kudya, kamasiya kuyenda. Ukakayang'ana sungapeze chizindikiro choti kali moyo. Mphepo ikhoza kukaulutsa mpaka padenga la tchalitchi, mbuzi ikhoza kukaponda. Ndiye tsiku lina dontho limagwa, ndipo kamapitiriza pomwe kanalekezera. Kodi nthawi yonseyo kamakhala kali kuti? Kamalota? Mabuku omwe ndinawerenga amafotokoza mmene thupi limadzitetezera, koma funso limeneli sayankha.

Ndipo si pathanthwe pokha. Tapani dothi lodzaza dzanja m'munda mwanu, pansi pa mtengo wa nachesi kapena pamzere wa mbatatesi, mwanyamula khamu. M'timadzi tokuta mchenga uliwonse muli tinyongolotsi tikudya tizilombo tocheperapo, zinyalala zikuwola, chakudya cha mbewu chikumasuka. Tilipo tina tankhanza, tija timatupitsa mizu ya tomato mpaka kufota, koma tambiri timangogwira ntchito mwakachetechete. Ife timadutsa pamwamba ndi nkhwaira zathu. Tikatentha mapesi timati tayeretsa munda. Tikasuzumira m'chithaphwi chouma timati mulibe kanthu.

Mulibe kanthu. Mawu amenewa timawakonda bwanji! Diso likangolephera, pakamwa pamagamula.

Ndipo timawanenanso pa anthu. Nkhalamba ikayamba kuiwala timayamba kulankhula pamwamba pa mutu wake ili pomwepo. Timakambirana za munda wake, za njinga yake, za amene adzatenge malata, iyo ikutiyang'ana. Moni timapereka kwa woisamalira, ngati tafika pa odwala osamva. Timati agogo abwerera ku umwana, komatu mwana timamunyamula, timamuimbira, timamuseketsa. Enanso, ndipo apa mtima wanga umawira, akaona mayi wokalamba akuyendayenda m'mawa akuitana anthu omwe anamwalira, amathamangira kunena kuti wagwa paulendo wa ufiti. Mayi amene anakulandirani pobadwa! Ndi matenda a ubongo amenewo, achipatala amawadziwa, ndipo safunsa kuti unkapemphera mpingo uti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Musandimve molakwa. Ndimaphunzitsa sayansi, ndikudziwa kuti ubongo wa munthu si fumbi la pathanthwe. Zomwe matendawa adya sizibwerera ndi madzi a pachitsime. Ndinkadziuza zimenezi m'mawa uliwonse ndikamasuzumira m'mbale ija pawindo. Koma mtima suwerenga mabuku, eti?

Chinanso chomwe ndinkaganizira ndi ichi. Timazira ta m'fumbimo sitiswa tonse pa mvula yoyamba. Tina timatsala, chifukwa mvula yoyamba imanama, ikhoza kugwa lero dzuwa n'kuumitsa zonse sabata isanathe. Ndiye tina timadikira yachiwiri, tina chaka chamawa. Ngakhale dzenje litaoneka kuti linatulutsa zonse, pansi pamakhala patatsala kanthu kosungidwa. Ndinkadzifunsa kuti kodi mwa abambo mwatsala chiyani chomwe sichinagogodedwe.

M'mbalemo timadontho tinayamba kuoneka ndi maso. Kenako tija tosambira chagada, tochepa chabe, koma tinalipo.

Loweruka lapitali ndinathira madziwo m'botolo, ndinalikulunga m'chitenje, n'kukwera njinga yamoto. Msewu wathu mukuudziwa. Ndinalifungatira botololo ngati khanda njira yonse, mpaka woyendetsa anafunsa ngati ndanyamula madzi odalitsidwa. Ndinati eya, kuti nkhani ichepe.

Abambo ndinawapeza pakhonde, pampando wawo wa ndalema, chala chikugogoda pabondo monga amachitira masiku ano, ngati akukhoma ndowa yosaoneka. Anandilandira ndi manja awiri. Anandifunsa ngati ndayenda bwino, mayi. Ndinapempha mbale yoyera kwa achemwali, n'kukhuthuliramo madzi aja pafupi ndi mapazi awo.

Achemwali ankasenda nandolo chapomwepo. Anati anthu ena akamabwera kumudzi amatenga shuga, ena sopo, koma wathu wophunzira watibweretsera matope. Ndinawauza kuti shuga ali m'chikwama, asade nkhawa.

Abambo sanayang'ane n'komwe. Maso anali kumapiri. Nkhuku inabwera kudzafuna kumwa, ndinaithamangitsa. Tinakhala. Ndinayamba kudziona kupusa, mayi wamkulu kudikira chozizwitsa m'mbale ya ndiwo. Ndinaganiza zoti ndikangowathira pa mtengo wa mapapaya, tiiwale.

Dzuwa litapendeka, kuwala kunalowa pakhonde n'kugwera m'mbalemo. Chala chija chinaleka kugogoda.

Anawerama. Kenako anagwira mkono wa mpando, anatsika pang'onopang'ono, bondo limodzi, linzake, mpaka anagona chafufumimba pakhonde, chibwano pamanja. Achemwali anadzuka kuti awadzutse, ndinawagwira chitenje. Nanenso ndinagona pambali pawo, pafumbi pomwepo. Kamodzi mwa tiana tija kanadutsa chagada, timiyendo tikupalasa. Kena kanatsatira. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Ndinkamva kupuma kwawo, ndi fungo la sopo amene achemwali amawasambitsira.

"Tabwera," anatero motsitsa.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinadikira.

"Mayi, inu mukamabwerera mudzera kumudziku? Ndili ndi kamwana kanga, dzina lake Tiya. Mukakaona mukakauze kuti tiana ta mvula tabwera. Kasachedwe, madziwa sakhalitsa."

Ndinafuna kukuwa kuti ndine, ababa, ndine ndili panoyu. Koma nkhope yawo inali yowala, yodekha, ya munthu amene wapeza womutuma wodalirika. Ndikanawasokoneza chifukwa chiyani?

"Ndikakauza, abambo," ndinatero.

Anathokoza, n'kubwezera maso m'mbale.

Nditacheuka, achemwali panalibe. Lichero la nandolo linali pansi, nkhuku zikudzithandiza. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini atatsamira khoma, chitenje chili kumaso. Pomwe ndinkatsanzika anangondiuza kuti mbaleyo ndiisiye, ndipo madziwo akauma saitsuka, aiika pamwamba pa kabati mpaka ndidzabwerenso.

Nkhope yanga sanaidziwe, ndipo mwina sadzaidziwanso. Zimenezo zikundiwawa, sindibisa. Koma dzina lija ndalimva. Kwinakwake mkati mwa bambo amene tinkati anapita, muli kamtsikana kotseka pakamwa pamvula, ndipo iwo akukasungirabe malo pathanthwe.

Nanga inu, kwanuko, ndani amene wakhala pakhonde mwakachetechete, amene munasuzumira kamodzi n'kunena kuti mulibe kanthu? Munayesapo kugogoda ndi chiyani? Nyimbo ya kwaya yakale, fungo la fodya wawo, khasu lomwe ankalimira?

Ine uthenga ndinatumidwa uja ndaufikitsa. Kamwanako kamva, ndipo sikachedwa.