Kampando ka Nelito m'Galimoto ya Apongozi

Tinanyamuka ku Moatize dzuwa lisanayambe kuwawa, ulendo wa ku Zóbuè kukaonetsa Nelito, mwana wathu wa miyezi isanu, kwa abale a bambo ake. Mwamuna wanga anali pantchito kumgodi wa malasha ku Chipanga, ndiye ndinapita ndi apongozi, aamuna ndi aakazi, pa galimoto yawo.

Galimotoyo ndi ya nthawi ya atsamunda, yobiriwira, mipando yake ngati mabenchi. Apongozi aamuna amaipukuta fumbi la malasha m'mawa uliwonse. Koma kumbuyo kunalibe lamba. Iwo anali atakonza linya, mphira zomangira katundu panjinga zija, kuti amangire kampando ka mwana komwe ndinagula ku Tete. Ndinamulirira mwamuna wanga mpaka anatengera galimotoyo kwa makaniko, amene anafufuza chitsulo cholimba chopanda dzimbiri, kuboola, n'kumangapo lamba weniweni ndi mabawuti. Eni galimoto anaima pomwepo kuonerera ikubooledwa.

Kampandoko ndinakaika moyang'ana kumbuyo monga anatilangizira anamwino kusikelo, n'kukoka lamba mpaka kanasiya kugwedera.

"Mwana akupita kwawo, inu mwamuyang'anitsa kumene akuchokera?" anatero apongozi aakazi, atakhala mbali inayo ya kampando. "Make Nelito, chonjatidwa ndi mbuzi."

"Khosi lake n'lanthete, amayi. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, mpandowu ndiwo umugwira mutu."

"Za madipuloma izo."

Msewu unali wa malole okhaokha. Lililonse likatidutsa galimoto yathu inkanjenjemera, ine mtima m'mwamba. Cha m'ma naini tinaima pa Kambulatsitsi kuthira madzi mu injini. Mayi wogulitsa chimanga chootcha anasuzumira pawindo.

"Iii, bwana wamng'onoyu walakwanji kuti mumumange chonchi?"

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma za pakamwa pokha. Tinagula chimanga cha mametikali makumi awiri n'kumapita.

Titayamba kukwera zitunda, Nelito anayamba kulira. Osati kudandaula, koma kulira kwa njala, nkhope psuu. Mkaka unanyowetsa bulauzi yanga.

"Mmasuleni ayamwe," anatero apongozi aakazi.

Kwathu mkamwana salankhula mwachindunji ndi apongozi aamuna. Mawu amadzera kwa akazi awo. Chikwatiwire ndinali ndisanaswepo mwambo umenewu.

"Amayi, apempheni aime pang'ono," ndinanong'ona.

"Galimoto iyi ikazima pachitunda siliranso. Ngati simufuna, mpatseni kuno ndimufukate."

Iwo anayang'ana panja, n'kuloza tchire ndi chibwano.

"Mwamuna wanuyo ndinadutsa naye m'tchire lino ali kumsana, pothawira ku Malawi, mfuti zikulira. Sindinamugwetse. Lero manja anga achepa, pulasitiki ndiye wakula?"

Sankanama. Ndipo ndinene zoona: chala changa chinali kale pa batani lofiira lomasulira mwana. Ndinadziuza kuti n'kanthawi kochepa, kuti amayi onse a m'mashapa, maminibasi athu aja, amayamwitsa galimoto ikuthamanga, ana n'kumakula. Pamenepo lole lina linatulukira pakona litadya mbali yathu. Linadutsa bwinobwino, silinatikhudze. Koma mphepo yake inandilowa m'mafupa, ndipo ndinachotsa chala.

"Ababa," ndinatero, "chonde imani."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Tinayenda pang'ono, kenako galimoto inapatuka n'kuima pansi pa mtengo, kutali ndi phula. Injini inatsokomola n'kuzima.

Ndinayamwitsa nditafulatira, misozi ikugwera pamutu pa Nelito. Atakhuta ndinamubwezera m'kampando n'kumumanga. Galimoto inakanadi kulira. Apongozi aamuna, munthu wa imvi, anapita kukapempha anyamata ogulitsa makala kuti atikankhe, dzuwa lili paliwombo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Injini italira, apongozi aamuna anakhala kaye atagwira chiwongolero. Sanacheuke. Analankhula kwa akazi awo, monga mwa mwambo.

"Uwauze make Nelito kuti mwana akalira azinena okha. Galimoto ikazima timakankha."

Apongozi aakazi sanabwereze uthengawo. Anangolowetsa dzanja m'kampando, n'kuliika pachifuwa cha mdzukulu wawo, pamwamba pa malamba aja. Silinachokepo mpaka ku Zóbuè.

Tinafika dzuwa litapendeka, kamphepo kozizira kakutsika m'phiri, milu ya mbatatesi ndi kabichi ili ndandanda m'mbali mwa msewu. Tikulowa m'kanjira ka kumudzi, azakhali ake a mwana anathamangira galimoto akululuta, mmodzi n'kupisa manja pawindo kuti amunyamule, matayala akugudubuzika. Apongozi aakazi anam'menya padzanja.

"Dikira iime, iwe!"

Mpaka lero sananenepo kuti kampandoko n'kabwino, ndipo sindiyembekeza kuti adzanena. Ine ndinkayesa kuti nditagula mpando ndi kumangitsa lamba, ntchito yatha. Zonsezo zikanatha ndi chala changa chomwe. Iwo anasunga mwana wawo ndi msana. Wanga anafuna kuti nditsegule pakamwa.