Mazira a Amayi Eni Nyumba

Ntchito yanga m'zaka zimenezo inali ya masalamusi. M'mawa ndinkaima pa msika wa Kapata, chakumene amagulitsira salaula, zovala zakale zija, n'kuyala saka pansi, n'kuyamba kukuwa mpaka anthu atandizungulira. Ndinkameza singano n'kuzitulutsa zili pa ulusi. Ndinkadula chingwe pakati n'kuchionetsa chili chathunthu. Koma chimene chinkaimitsa anthu, ngakhale amayi othamangira kuchigayo, linali thumba la mazira.

Thumbalo linali lakuda, longokwana dzanja limodzi. Ndinkalitembenuza, kulikung'untha, kuliponda, kumupatsa munthu kuti apisemo yekha. Mulibe kanthu. Kenako dzira. Ndinkaliika m'chipewa, n'kupisanso, dzira lina, mpaka asanu ndi limodzi, anthu akuwerenga mokweza. Zoona zake dzira linali limodzi lomwelo. Ndinaliboola ndi singano, zam'kati ndinazitulutsa pouzira, mabowo ndinamata ndi kandulo. Thumbalo linali ndi kathumba kena kosokerera m'kati mwa nsalu, ndipo m'chipewa simunkatsala kanthu chifukwa dziralo linkabwerera m'dzanja langa. Anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa ku Zaire amene lole yake inafera ku Chipata, n'kukhala miyezi inayi akudikira zitsulo. Ine n'kuti nditangosiya sukulu mu giredi 8, nditamenyana ndi munthu amene sindinkayenera kumenyana naye. Miyezi inayi yonseyo ndinkaphunzirira pa mbatata, ndikuigwetsa tsiku lonse, mkuluyo asanandilole kugwira dzira.

Ndikutchula miyezi inayiyo chifukwa palibe amene ankafuna kumva zoti ndinachita kuphunzira. Kwa anthu a ku Chipata, munthu wochita zimene ndinkachitazo ndiye kuti anatemera, basi. Dzuwa likalowa ndinkazungulira m'mathaveni, rumba ikulira pa kaseti, anthu akukhutchumula mapaketi a masese, ndipo kumeneko n'kumene ankandipsetsa mtima kwambiri. Uyu akufuna ndimusandutsire nyuzipepala ikhale ndalama. Uyu mkazi wake anathawira ku Lundazi, akuti ndimubweze. Aphunzitsi ena a ku Kasenengwa, munthu wa tayi, ananditengera kuseri kwa thaveni n'kundinong'oneza kuti mapepala awo osamukira ku tauni akhalitsa ku ofesi, kodi sindingawayendetse? Ndikati ndi manja chabe, ankanditsinzinira diso n'kumati akumva, zinthu zoterezi sazivomerera pagulu. Woledzera wina ankangotsomphola thumba kuti alinunkhize. Pamenepo ine magazi ankakwera, ndipo mathaveni awiri anandiletseratu kupondamo.

Mtima womwewo unali utanditulutsa kale m'nyumba zitatu. Chipinda chachinayi ndinachipeza ku Mchini, kuseri kwa nyumba ya abambo ena opuma pa ukalaliki wa ku boma, ophunzira ku mishoni ya Tamanda, mkulu wa mpingo. Pansi panali simenti, chitseko chinali chokiya, mpopi unali pabwalo pomwepo. Ndinawauza kuti ntchito yanga ndi yoseketsa anthu pa msika, iwo sanafunse zambiri. M'komboni monsemo mbiri yanga ya ndewu inali itafika, moti ndinkadziwa kuti akandichotsa pamenepo palibe wina angandilandire. Kukadatsala kubwerera kumudzi kukapalira fodya wa amalume, amenenso tinasiyana titatukanana.

Amayi eni nyumba anali ndi nkhuku zachikuda, ndipo khola lake linagundana ndi khoma la chipinda changa. Chaka china mvula itangosiya, mazira anayamba kusowa. Nkhuku ikutetera bwinobwino, amayi kupita pachisa, palibe. Lero awiri, mawa atatu. Anaika loko pa khola, anatseka mabowo ndi minga, mazira osaleka kusowa. Ine ndinkamva akudandaula pa mpopi koma sizinkandikhudza.

Cholakwa changa chinali pakamwa. Masalamusi opanda nkhani sakoma, ndiye dzira lililonse ndinkalipatsa kwawo. Ili lachokera ku Mtenguleni, likununkha fumbi la Angoni. Ili ndi la ku Kasenengwa, nkhuku yake ikulifunabe mpaka pano. Anthu ankaseka. Tsiku lina m'kamwa mwangamu munatuluka kuti ili ndi la ku Mchini, likadali lofunda, nkhuku yake ndi yamawangamawanga. Sindinaganize kalikonse. Nkhuku yamawanga ndiyo ndinkaiona m'mawa uliwonse pakhomo panga, ndiye inangobwera yokha. Sindinaone kuti kumbuyo kwa gulu kunaima mayi wina wogulitsa tomato pamsikapo, amene ankachita lendi chipinda choyandikana ndi changa.

Patapita masiku awiri ndinapeza kalata ya abambo eni nyumba pansi pa chitseko. Munthu timakhala bwalo limodzi, kuchoka pakhonde pawo kufika pakhomo panga masitepe khumi, koma anandilembera kalata, ya m'envulopu, tsiku pamwamba, siginecha pansi. Inkati chifukwa cha madandaulo okhudza ziweto za pakhomo ndi zochita zosagwirizana ndi banja lachikhristu, ndikupemphedwa kusiya chipinda mwezi ukatha. Ndinamenya theche ndowa yanga mpaka inaphwanyika, ndowa yanga yomwe, kenako ndinapita pakhonde pawo kalata ili m'manja. Ndinafunsa ngati akuti ndine wakuba. Abambowo anavula magalasi n'kunena modekha kuti palibe wanena za kuba, popeza loko ali bwinobwino ndipo kiyi amagona nayo amayi. Nkhani ndi yoti mazira akutuluka m'khola lokiya n'kukapezeka ku Kapata m'thumba langa. Anati ngati ndili ndi mawu ndikawanene Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, onse alipo.

Masiku atatu amenewo sindinagwire ntchito bwino. Njira yodziyeretsera inali imodzi, kuwaonetsa thumba. Koma mkulu wa ku Zaire uja anandiuza kuti ukaonetsa munthu m'modzi waonetsa msika wonse, ndipo apa munthu m'modziyo anali mayi wa tomato, amene pakamwa pake pankafika ku siteshoni ya basi iye ali pa benchi yake. Singano ndi chingwe sizikanandidyetsa zokha. Ndinaganizapo zongonyamula katundu n'kuchoka, koma kupita kuti?

Lamulungu masana anatulutsa mipando pakhonde. Abambo anakhala pakati atavalabe jekete la ku tchalitchi, amayi pambali pawo, mayi wa tomato pamkeka, ndi alendi ena awiri amene sizinkawakhudza koma sakanalola kuphonya. Ine sanandipatse mpando. Anayamba ndi pemphero lalitali, lotchula nkhosa zosochera kangapo konse, ine nditaima ndi thumba langa ngati wogulitsa mtedza.

Mayi wa tomato anafotokoza zonse, n'kuwonjezera zake. Anati dziralo analiona ndi maso ake, linali la nkhuku yamawanga, akulidziwa chifukwa n'losongoka. Anatinso tsiku limenelo ndinatulutsa mazira asanu ndi limodzi, ndipo amayi anavomereza kuti sabata imeneyo anasowa asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Ndinati ndikadakhala ndi mphamvu yokoka zinthu m'nyumba za eni, ndikadalimbana ndi mazira? Mashopu a amwenye ali mutauni muja sindiwaona? Amayi anayankha kuti aliyense amayambira pa zazing'ono.

Apo ndinangotukula thumba n'kulitembenuza pamaso pawo. Ndinawaonetsa msoko, ndinalowetsa chala m'kathumba kobisika, ndinatulutsa dzira n'kuwapatsa abambo kuti alinyamule. Analipimapima m'dzanja n'kuvomera kuti n'lopepuka. Ndinawaonetsa mabowo a singano. Kenako ndinachita zonse pang'onopang'ono, nditawapatsa msana kuti aone mmene dzira limabwererera m'chikhatho, kasanu ndi kamodzi, ntchito yanga ya miyezi inayi ndikuivula pakhonde la anthu ngati mwana womusambitsa. Nditamaliza ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Amayi anafunsa kuti, “Nanga zam'kati mwa dziralo zinapita kuti?”

“Ndinakazinga, amayi. Chaka chatha.”

“Dzira la chaka chatha, losaola.” Anayang'ana mayi wa tomato, mayi wa tomato anayang'ana pansi n'kupukusa mutu.

Ndinati dzira lopanda kanthu m'kati lingaole bwanji, liole chiyani? Mawu anali atayamba kukwera. Mayi wa tomato anati iye zimenezo sazidziwa, koma chimene akudziwa n'choti thumba limene ndabweretsali mwina si lomwe lija la kumsika, anthu oterewa amakhala ndi awiri, lina loonetsa akagwidwa. M'modzi wa alendi aja anati kwawo ku Katete kunali munthu wotero ndithu. Ndinamva makutu akutentha. Mpando umene sanandipatse uja unali pafupi, ndipo ndikuvomera kuti ndinauyang'ana. Ndikadaugwira bwenzi nkhani yonse itathera pomwepo, ine ndili pa msewu.

M'malo mwake ndinaponya thumba pamiyendo pa abambo n'kunena kuti achite okha. Iwo ndi mkulu wa mpingo, sanatemerepo, ngati dzira lingatuluke m'manja mwawo ndiye kuti nawonso ndi mfiti. Amayi anati asakhudze. Koma abambowo, kaya ndi ukalaliki wofuna kuona chinthu chilichonse ndi maso, anavula jekete, napinda mikono ya shati. Ndinawagwira zala n'kuwaonetsa pogwira. Ulendo woyamba dzira linaonekera pansalu ngati chotupa. Wachiwiri linagwera pamkeka, mwamwayi silinasweke. Ndinawakalipira kuti chala chachikulu chizikhala pa msoko, osati uko, kodi sakumva? Ndinaiwala kuti ndikukalipira eni nyumba. Iwo anangoti pepani, nayambiranso. Ulendo wachisanu anatembenuza thumba, analikung'untha, anaonetsa akazi awo kuti mulibe kanthu, anapisamo, natulutsa dzira. Anaseka okha, kaphwete kakang'ono, kamene sindinawamvepo chikhalire pakhomopo.

Amayi anawauza kuti akasambe m'manja asanagwire chilichonse cha m'nyumba.

Abambo anavalanso jekete, nkhope n'kubwerera mwakale. Anati nkhani aimvetsa. Mnyamatayu si mfiti, ndipo kalata ija aichotsa. Ndinayamba kupuma. Koma anapitiriza.

“Ufiti tikadakupemphererani, achimwene. Koma apa taona kuti inu mumadzuka m'mawa uliwonse, mwasamba, kupita kukanamiza anthu dala. Mumati mazira asanu ndi limodzi pamene lili limodzi. Mumati la ku Mchini pamene silinachoke ku Mchini. Limenelo ndi bodza, ndipo bodza lake lavutitsa akazi anga.”

Ndinati anthuwo amabwera okha kudzanamizidwa, n'chimene amaombera m'manja. Anati zimenezo n'za iwo ndi Mulungu wawo, koma pakhomo pawo ndikhala ngati ndilonjeza kuti ndisanayambe masewera ndiziuza anthu kuti ndi luso la manja chabe, ndipo ndisadzatchulenso nkhuku ya munthu. Ndinati ndakhala ndikunena zimenezo zaka zitatu m'mathaveni monse, palibe amamva. Anati ndizinenabe. Ndinalonjeza, mano ali chikukutu.

Lolemba ndinapita ku Kapata. Ndinayala saka, ndinaitana anthu, ndinanena mawu a abambo aja kuti zonse muone pano ndi manja chabe, anthu n'kuseka poyesa kuti ndi nthabwala yatsopano. Singano zinayenda bwino. Chingwe chinayenda bwino. Nditangokweza thumba m'mwamba, mawu anachokera ku mabenchi a tomato:

“Muuzeni akuonetseni kumsoko! Kuli kathumba!”

Sanali ngakhale mayi uja. Anali mnzake wa benchi yachitatu. Bambo wina wa njinga anati nayenso wamva, dziralo ndi chikhungwa chabe, ndimupatse aligwire. Wina anati ndiyambe ndaonetsa m'chipewa. Ndinawatukana onse, ndi tomato wawo yemwe, mpaka kapitawo wa msika anabwera kudzandiuza kuti ndinyamule saka langa ndikapume. Pofika Lachitatu, ngakhale makondakitala a ku siteshoni ankandikuwira za msoko ndikamadutsa. Chondipweteka kwambiri n'choti madzulo ake omwewo, m'thaveni, munthu wina anandikokera pambali n'kunena kuti wamva zoti ndinawapusitsa akuluakulu a mpingo ndi thumba labodza, ndiye wadziwa kuti ndine katswiri weniweni, kodi sindingamuthandize pa mlandu wake wa munda?

Thumba la mazira linafera pomwepo mu tauni ya Chipata. Ndinkalitulutsa kutali kokha, m'misika ya kumidzi ndi ku Mtenguleni nthawi ya mwambo wa Angoni wa Ncwala, kumene alendo amachuluka kuposa anthu ondidziwa. Pa Kapata ndinatsala ndi singano ndi chingwe, ndipo gulu linachepa moti masiku ena ndinkachitira anthu asanu, awiri mwa iwo akungobisala dzuwa.

Chipinda ndinakhalamo zaka zina ziwiri. Mazira sanaleke kusowa, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinkawadya. Abambo sanayambitsenso nkhaniyo. Amayi ankandipatsa moni bwinobwino m'mawa uliwonse, koma sabata yomweyo ya mlandu anaitana anthu awiri, anazula khola lonse ndi mitengo yake, nakalimanga mbali ina ya bwalo, kutali ndi khoma langa.